Kuzizira kwandifoola: ndiyimike kaye njinga mpaka dzuwa libwerere?

"Achimwene, ndine bambo wa zaka 44, ndimakhala ku Croydon kuno ku London ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, masiku ena usiku. Anzanga akuntchito anandinyengerera kuti Juni akubwerayu tikakwere nawo ulendo wa njinga wa London to Brighton. Ndinavomera mwamatama, poti kwathu ku Ntcheu ndinakulira pa njinga. Mu Seputembala ndinagula njinga yakale pang'ono, yamatayala owonda aja. Lamulungu lililonse ndimatuluka n'kupalasa ndi mphamvu zanga zonse kwa ola limodzi, koma chifikireni Novembala zinthu zandisokonekera. Ndimabwerako zala zitauma, ndikutsokomola, miyendo ikuphwanya mpaka Lachitatu, ndipo liwiro silikukwera n'komwe. Sabata yatha madala ena aimvi anandipitirira pachitunda akucheza ngati ali pakhonde. Ndimamwa mankhwala a BP. Kodi ndi ukalamba wayambika? Ndiyimike kaye njingayi mpaka Epulo?"

Achimwene, pepani ndi zala zoumazo. Koma kunena zoona pa madala aimvi paja ndaseka, chifukwa chaka changa choyamba kuno nanenso anandichita zomwezo. Ine lilime lili panja, wefuwefu, iwo akukambirana za mtengo wa njerwa. Si ukalamba ayi. Pa njinga zaka 44 ndi unyamata, ndipo m'magulu amene ndakhala ndikuyenda nawo ndi kuwaphunzitsa zaka zonsezi, amene amafika kumapeto a ulendo wautali akumwetulira ambiri amakhala a zaka za m'ma 50 ndi 60. Njingayo musayiyimike. Kuchoka pano kufika Juni pali miyezi pafupifupi 7, nthawi yokwanira ndithu kukonzekera mamailosi 54, omwe ndi makilomita 87, ochokera ku Clapham Common kukafika kunyanja ku Brighton. Vuto lanu ndaliona m'kalata momwemo. Mukupalasa mwaliwiro kwambiri, kwa nthawi yochepa kwambiri, komanso kamodzi kokha pa sabata.

Kumbukirani abambo aja amene amachoka ku Dzalanyama ndi matumba a makala pa kaliyala kulowera ku Lilongwe. Munawaonapo akuthamanga? Amatchova mofatsa, pachitunda amatsika n'kukankha, pamtsetse amapumirako, koma amatero maola ambirimbiri, lero, mawa ndi mkuja. Mutam'patsa mmodzi wa iwo njinga yanu yopepukayo, ku Brighton angakafike inu mukumwabe tiyi panjira. Chimene ali nacho iwo ndi chomwecho chimene ali nacho madala anuwo: thupi lozolowera kugwira ntchito nthawi yaitali osadandaula. Okwera njinga kuno amachitcha base, kutanthauza maziko, ndipo mwamwambo wawo maziko amenewa amawamanga m'nyengo yozizira ino, pamene kulibe mipikisano ndipo palibe woti am'gometse.

Zimene zimachitika m'thupi ndi izi. Mukamapalasa mofatsa kwa nthawi yaitali, mtima umazolowera kupopa magazi ochuluka pa kugunda kumodzi. M'minofu ya miyendo mumawonjezeka timitsempha ting'onoting'ono tofikitsa mpweya pomwe ukufunikira. Tinthu tina ta m'maselo totchedwa mitochondria, timene timasandutsa chakudya ndi mpweya kukhala mphamvu, timachuluka. Thupi limaphunziranso kugwiritsa ntchito mafuta ake, n'kumasunga shuga wa m'minofu ndi m'chiwindi, amene ndi wochepa kwambiri moti munthu akamapalasa mwamphamvu amatha pakangodutsa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Kupalasa mwamphamvu nakonso kumamanga zina mwa zimenezi, sindikukana. Koma mtengo wake ndi umene mukulipirawo, miyendo kuphwanya mpaka Lachitatu. Munthu amene watopa chonchi sangatulukenso Lachiwiri kapena Lachinayi, ndiye sabata yonse imathera pa ola limodzi basi. Katswiri wina wa sayansi ya masewera, Stephen Seiler, yemwe amagwira ntchito ku Norway, atafufuza mmene akatswiri a masewera a mitunda italiitali amakonzekerera, anapeza kuti pa maulendo 10 aliwonse, pafupifupi 8 amakhala ofatsa. Ngati anthu amene amadyera pa miyendo yawo amadzisunga chonchi, ife otuluka mu shifiti yausiku tikuthamangira kuti?

Tsono kufatsako n'kotani? Muyeso wanga ndi wapakamwa. Mukupalasa choncho, nenani Pemphero la Ambuye mokweza. Ngati mukutha kunena mzere wonse osadukiza kuti mukoke mpweya, muli pabwino. Mukayamba kudula mawu pakati, mwapitirira, pepukitsani giya. Ngati muli ndi wotchi yoonetsa kugunda kwa mtima, anthu amakonda kuchotsa zaka zawo pa 220, ndiye inu mupeza 176, ndipo kupalasa kofatsa kungakhale chapakati pa 115 ndi 130 pa mphindi. Koma masamu amenewa ndi ongoyerekeza, kwa anthu ena amaphonya ndi 10 kapena kuposa. Komanso ngati mankhwala anu a BP ali a gulu la beta blocker, monga atenolol kapena bisoprolol, amachepetsa kugunda kwa mtima, ndiye wotchiyo idzakunamizani. Khulupirirani pakamwa panu.

Ndikuchenjezeretu kuti chovuta pa kupalasa kofatsa si miyendo, ndi manyazi. Mayi wina wa basiketi yodzaza masamba adzakupitirirani. Pa Strava, pulogalamu ya pafoni yoonetsa maulendo a njinga, ngati mumaikapo maulendo anu, liwiro lidzatsika ndipo anzanu akuntchito adzafunsa ngati munali kukankha. Asiyeni alankhule. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Pali chizolowezi china chimene ife okulira kumudzi timabwera nacho, ndipo chimapweteka maondo. Njinga za kwathu, ma Humber ndi ma Hero aja, zinali za giya imodzi, ndiye tinazolowera kupondereza ndi mphamvu, thupi likupendekera uku ndi uku. Njinga yanuyi ili ndi magiya kuti miyendo izizungulira mopepuka, ka 80 mpaka 90 pa mphindi. Werengani bondo lakumanja kwa masekondi 15. Likakwera ka 20 kapena 22, zili bwino. Poyamba mudzamva ngati mukupalasa mphepo, koma pakatha masabata atatu mudzazolowera. Chishalonso tionepo. Kwathu timachitsitsa kuti mapazi onse azifika pansi. Khalani pachishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, ndipo mwendo uongoke osapendeketsa chiuno. Mukabweza phazi kuti muponde ndi chakutsogolo kwake, bondo likhala lopindika pang'ono, ndipo ndi mmene liyenera kukhalira. Bondo likamapweteka kutsogolo, kawirikawiri chishalo chatsika kwambiri. Likamapweteka kumbuyo, chakwera kwambiri.

Pa sabata muzituluka katatu. Kawiri kakhale kaulendo ka mphindi 45 mpaka ola limodzi, ndipo ngati kuntchito kwanu kuli kofikika pa njinga, ulendo umenewo uwerengedwe, bola muzizungulira pang'ono pobwerera. Kachitatu ndiye ulendo wautali, tsiku limene mwapuma. Yambani ndi ola limodzi ndi theka, muziwonjezera mphindi 10 kapena 15 sabata iliyonse, ndipo sabata yachinayi iliyonse mudule pakati kuti thupi lipezenso mphamvu. Muziwerenga maola osati makilomita, chifukwa m'nyengo ino mphepo, zovala zolemera ndi misewu yonyowa zimadya liwiro, ndipo mukamayang'ana makilomita mudzakhumudwa pachabe. Mukatsata zimenezi, pofika kumapeto kwa Febuluwale mudzakhala mukutha maola atatu pachishalo. Masabata ena adzaonongeka ndi mvula, chimfine kapena kusinthidwa kwa mashifiti. Zisakudetseni nkhawa, ndipo musayese kubweza ngongoleyo sabata yotsatira. Chapa Khirisimasi mudzaonanso anthu pa intaneti akulimbirana Festive 500, yopalasa makilomita 500 m'masiku 8 kuyambira pa 24 mpaka pa 31 Disembala. Chaka chino si yanu imeneyo.

Za shifiti yausiku ndilankhule mosabisa. Thupi silikula mphamvu mukamapalasa, limakula mukamagona pambuyo pake. Ulendo wautali musauike m'mawa umene mwangoweruka kumene. Maso amakhala olemera, maganizo ochedwa, ndipo pamsewu wa London sekondi imodzi ndi yokwanira kukupezetsani tsoka. Gonani kaye, ndipo ngati mwadzuka kukadali kowala, kapalaseni mphindi 40 mofatsa. Sabata imene mwagwira mausiku anayi otsatizana, maulendo awiri akwana. Ndaona anthu ambiri a ntchito ngati yanu akulephera, osati chifukwa chaulesi, koma chifukwa chotsata ndondomeko zolembedwera anthu ogona usiku uliwonse pabedi pawo.

Tsopano zala zija. Pa njinga mumadzipangira mphepo nokha, moti tsiku la madigiri 5, mukamatsetsereka pa liwiro la makilomita 30 pa ola, khungu limamva ngati kuli pafupi ndi 0. Chiperoni cha ku Thyolo chimazizira ndithu, koma sichiphunzitsa munthu zimenezi. Cholakwa chachikulu chimene ndimachiona ndi tisheti ya kotoni pakhungu ndi chijekete chokhuthala pamwamba. Pachitunda mumatuluka thukuta, kotoniyo amamwa n'kulisunga, ndiye potsetsereka mwavala nsalu yonyowa pachifuwa. Pakhungu valani kamalaya kothina ka ubweya wa merino kapena ka polyester, pamwamba pake juzi yopepuka ya manja aatali, kenako jekete yotchinga mphepo yokhala ndi zipi yoti muzitsegula pachitunda n'kutseka pamwamba pake musanayambe kutsika. Potuluka pakhomo muzimvako kuzizira pang'ono. Ngati mukumva kufunda muli chiimire, mwavala zochuluka ndipo pakatha mphindi 15 mukhala mutanyowa.

Magolovesi akhale otchinga mphepo komanso otakasuka. Othina amapanikiza magazi, ndipo zala zimazizira msanga. Chimodzimodzi masokosi: awiri opanikizana mu nsapato yothina amaposedwa ndi amodzi a ubweya. Pali tizikuto tovala pamwamba pa nsapato timene amagulitsa m'masitolo a njinga, koma ine zaka zoyambirira ndinkangokulunga zala zakumapazi ndi pepala la aluminiyamu lakukhitchini, ndipo zinkathandiza. Maondo akhale ofunda nthawi zonse kunja kukatsika pansi pa madigiri 15. Kansalu kapakhosi kotha kukokera kukamwa, ndi kachipewa kopyapyala kobisa makutu pansi pa helemeti, ndi zinthu zotchipa zimene zimasintha ulendo wonse. Ndimanyamulanso magolovesi ena ouma m'kajumbo, chifukwa oyamba akanyowa ulendo umasanduka chilango. Mukafika kunyumba zala zitauma, musaziviike m'madzi otentha kapena kuzigunditsa pa radiator, chitsulo chotenthetsera m'nyumba. Ziikeni m'khwapa kapena m'madzi ofunda chabe. Zimabaya ngati singano magazi akamabwerera, koma zimatha.

Chimene ndimachiopa kuposa kuzizira ndi madzi oundana pamsewu, aja osaoneka, amene kuno amati black ice. Ndinaphunzira movutika. Linali Loweruka lina la mu Januwale, kunja kuli ngwee, dzuwa likuwala, foni ikunena madigiri 3. Usiku kunali kutagwa mvula yamawawa. Ndinalowa kamsewu kena ka kumidzi ku Surrey, ndipo pokhota pena pansi pa mitengo, pomwe dzuwa linali lisanafike, tala anaoneka wonyezimira ngati wangonyowa. Sindinagwire n'komwe buleki. Ndinangomva phuu, ndili pansi, njinga ikutsetsereka payokha kulowera kumpanda, botolo likugubuduzika mumsewu. Poyesa kudzuka mapazi ankangoterereka ngati ndaponda therere. Fupa la paphewa linathyoka, ndipo masabata 8 ndinakhala osakhudza njinga, chonsecho ndinatuluka chifukwa choopa kutaya tsiku limodzi. Chimene sindinkachidziwa ndi chakuti msewu umatha kuzizira kuposa mpweya umene amanena a zanyengo, moti pa madigiri 3 kapena 4 pansi pakhoza kukhala pataundana kale, makamaka pamilatho, m'zigwa ndi m'mithunzi. Lamulo langa tsopano ndi ili: usiku woti mawa ndituluka ndimayang'ana za Met Office, a zanyengo a kuno, ndipo kukakhala kuti kutsika kufika pa 3 msewu uli wonyowa, ndimadikira mpaka 10 kapena 11 koloko, n'kutsata misewu ikuluikulu imene a khonsolo amathiramo mchere. Kukapanda kusungunuka, sindituluka. Kwanu ku Croydon kulinso msampha wina, njanji za tram, tisitima toyenda mumsewu. Zikanyowa zimaterera, ndipo tayala lowonda limatha kulowa mumpata wake. Muzizidutsa mopingasa, njinga ili chilili, osagwira buleki muli pamwamba pake. Masamba onyowa ndi zivundikiro zachitsulo za mumsewu nazonso muzizipatsa ulemu womwewo.

Mdima nawo ndi nkhani. Chakumapeto kwa Disembala ku London dzuwa limatuluka itangokwana 8 koloko n'kulowa 4 koloko isanakwane. Lamulo la kuno limafuna kuti kuyambira dzuwa litalowa mpaka litatuluka njinga ikhale ndi nyali yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo, chonyezimira chofiira kumbuyo ndi zonyezimira zachikasu pa mapedulo. Ine nyali ndimayatsa ngakhale masana, ndipo kumbuyo ndimaika ziwiri, poti mabatire amatha msanga kukazizira ndipo yakumbuyo ikazima simudziwa. Dzuwa la nyengo ino limakhalanso lotsika, limathobwa madalaivala m'maso pamsewu wonyowa. Mukaona chithunzithunzi chanu chatalika kutsogolo kwanu, dziwani kuti wobwera kutsogolo sakukuonani bwino, ndipo dzuwa likakhala kumaso kwanu, wakumbuyo ndiye akuvutika. Highway Code, chiisinthireni mu 2022, imauza madalaivala kusiya mita imodzi ndi theka podutsa wa njinga, ndipo imalola wa njinga kuyenda pakati pa mbali yake ya msewu pamalo opanikiza. Musamadzikanikizire m'mphepete ngati mmene tinkathawira maminibasi kwathu. M'mphepetemo ndi momwe muli magalasi osweka, maenje ndi zitseko za magalimoto oimikidwa.

Masiku amene kunja sikukutulukika, pali kachipangizo komangirirapo njinga m'nyumba kotchedwa turbo trainer, ndipo akale amapezeka motchipa. Ena amalumikiza ku Zwift kuti azipalasa ndi anzawo pa sikirini, koma si zofunikira kwenikweni. Mphindi 45 ndi zokwana, zenera lotsegula, thaulo pa handulo chifukwa thukuta limadya zitsulo. Njinga ya ku jimu imagwiranso ntchito yomweyo. Kungoti m'nyumba simuphunzira kukhota, kugwira buleki pamvula, kapena kudya mukuyenda, ndiye ulendo wautali uja uzikhala wapanja pamene nyengo yalola.

Kudya mukuyenda ndi luso limene ambiri amalinyozera mpaka tsiku limene lidzawagwetse. Shuga uja akatha m'thupi, miyendo imangoti lobodo, m'maso mumachita chidima, munthu wamkulu n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu kufuna kulira. Kukazizira zimaopsa kwambiri, chifukwa wopanda mphamvu sathanso kudzifunditsa. Musanatuluke idyani phala la oats kapena buledi ndi dzira. Ulendo ukapitirira ola limodzi ndi theka, yambani kudya ola loyamba lisanathe, kenako kanthu kakang'ono mphindi 30 kapena 40 zilizonse. Akatswiri amati magalamu 30 mpaka 60 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola, ndipo nthochi imodzi ili ndi pafupifupi 25. Simukufunika timapaketi todula tam'sitolo. Nthochi, mbatata yophika yodulidwa m'zidutswa, buledi wopaka jamu ndi chiponde, zonsezi zimakwana m'thumba lakumbuyo kwa juzi. Ludzu silimveka kukazizira koma thukuta likutuluka ndithu, choncho botolo la theka la lita lizitha pa ola kapena kuposerapo pang'ono. Ine ndimathiramo tiyi wofunda wa shuga pang'ono. Mukafika, vulani zonyowa musanachite china chilichonse, sambani, kenako nsima ya nyemba, nsomba kapena mazira. Ndipo ngati mumafuna kuchepetsa mimba, musachite zimenezo podzimana chakudya pa njinga.

Njingayo nayo ikufuna chisamaliro, koma pano ndidutsa mwachangu. Ikani madigadi. Ngati mafelemu alola, sinthani matayala muike a mamilimita 28 kapena 32 olimba ku minga, ndipo musawapope mpaka gwa. Mchere wa mumsewu umadyetsa tcheni dzimbiri usiku umodzi wokha, ndiye mukabwerako tsukani ndi madzi, pukutani tcheni, thirani oyilo. Mabuleki amatha msanga ndi mchenga wa nyengo ino, muziwayang'ana sabata iliyonse. Nyamulani machubu awiri ndi pampu, chifukwa kumata chigamba ndi zala zouma pamvula n'kosatheka.

Madala aimvi aja musawaone ngati adani. Mwina ndi a kalabu ina yapafupi, ndipo makalabu ambiri Loweruka kapena Lamulungu m'mawa amakhala ndi gulu la oyamba kumene, limene lamulo lake n'lakuti sasiya munthu m'mbuyo. Pa masamba a British Cycling ndi Cycling UK mungapeze a m'dera lanu. Pagulu mphepo mumagawana, misewu yabwino amaidziwa ndi iwo, ndipo pakati pa ulendo amaima pa kafe kumwa tiyi ndi keke, mwambo umene sauphonya ngakhale kugwe chipale. Chinanso, m'mawa wozizira bulangete limakoma, koma ukadziwa kuti anthu akukudikira pamphambano umadzuka. Mukapita opanda madigadi adzakuikani kumbuyo kwenikweni, poti palibe amene amafuna kumwa matope a tayala lanu.

Ndabwera tsopano pa chifuwa ndi BP, ndipo apa ndikupemphani mumve bwino. Mpweya wozizira ndi wouma umakwiyitsa njira za mpweya, makamaka munthu akamaukoka mwamphamvu ndi pakamwa monga mwakhala mukuchitiramu. Nthawi zambiri kutsokomolako kumachepa mukayamba ulendo mofatsa kwa mphindi 15, mukabisa kukamwa ndi kansalu kaja, ndiponso mukasiya kuthamanga. Koma ngati m'chifuwa mukulira ngati mluzu, kapena mukumva kuthina, onanani ndi GP, dokotala wa m'dera lanu, chifukwa pali mtundu wa mphumu umene umadzutsidwa ndi masewera ndi kuzizira, ndipo mankhwala ake opopera alipo. Chifuwa chikapitirira masabata atatu, makamaka ngati mukutuluka thukuta usiku, mukuonda kapena mwaona magazi m'makhololo, musanamizire njinga. Ife ochokera kwathu tiyenera kuyezetsa TB.

Kupalasa mofatsa ndi mankhwala abwino a BP, koma poti muli kale pa mapiritsi, ndikadakonda mukanaonana ndi GP kapena namwino musanayambe kutalikitsa maulendo. Akayeze BP, shuga ndi mafuta a m'magazi, ndipo muwauze zimene mukukonzekera. Ku England anthu a zaka 40 mpaka 74 amaitanidwa kukayezedwa m'thupi ndi a NHS, bungwe la boma loona zaumoyo, zaka zisanu zilizonse (NHS Health Check), koma amene ali kale pa mankhwala a BP amaonedwa mwa ndondomeko ina, choncho funsani kuchipatala cha GP wanu. Muwauzenso za zala, makamaka ngati zikusintha mtundu kukhala zotuwa ndi kuchita dzanzi ngakhale mwavala bwino. Ma beta blocker amatha kuziziritsa manja ndi mapazi, komanso pali vuto lofinya mitsempha ya m'zala lotchedwa Raynaud's. Mankhwala musasiye kapena kusintha panokha. Kuzizira kumafinya mitsempha n'kukweza BP, n'chifukwa chake kuyamba ulendo ndi chitunda thupi lisanafunde si nzeru kwa inu. Funsaninso za vitamini D. A NHS amalangiza mamaikulogalamu 10 patsiku m'miyezi yopanda dzuwayi, ndipo kwa ife a khungu lakuda amati tiganizire zomwa chaka chonse. Kwa owerenga ena amene ali ndi sickle cell, kuzizira ndi kuchepa kwa madzi m'thupi zimadzutsa ululu, ndiye malangizo angawa musawatsate musanalankhule ndi dokotala wanu.

Zizindikiro izi ndiye si zodikira nazo Lolemba: kupweteka kapena kulemera pachifuwa, makamaka kofalikira kudzanja, kukhosi kapena kunsagwada, befu wosagwirizana ndi mmene mukupalasira, chizungulire chofuna kukugwetsani, mtima kugunda mosalongosoka. Imani pomwepo, ndipo ngati sizikusiya imbani 999 kuitana ambulansi. Mukakayika pa zina zocheperapo, nambala ya 111 yofunsira malangizo a zaumoyo ilipo. Chimfine cha m'mphuno chokha sichiletsa kaulendo kofatsa, koma thupi likatentha, m'mafupa mukamaphwanya kapena chikatsikira m'chifuwa, njinga ipume mpaka mutachira ndi kuonjezapo masiku awiri kapena atatu. Mavairasi ena amatupitsa minofu ya mtima, ndipo kuukakamiza pa nthawi imeneyo n'koopsa. Ntchito yanu ndi yokumana ndi tizilombo tambiri, ndiye zimenezi zidzakupezani kamodzi kapena kawiri dzinja la kunoli lisanathe.

Liwiro lija mukulifunalo nthawi yake ikubwera. Lamulungu lomaliza la Malichi mawotchi amasunthidwa kutsogolo, madzulo amatalika, ndipo pamenepo mudzayamba kuika ulendo umodzi wolimba pa sabata. Box Hill, pafupi ndi Dorking, si patali ndi kwanu. Msewu wake wokhotakhota ndi wa makilomita pafupifupi awiri ndi theka, wokwera mosaopsa, ndipo pa Olympics ya 2012 amuna anaukwera ka 9. Inu mudzayamba ndi kamodzi, kenako kawiri, kenako katatu. Mu Meyi mudzayese ulendo wa makilomita 65 kapena 70, ndipo mukautha, otsalawo gulu la anthu lidzakunyamulani patsikulo. Chokhacho choti muchidziwiretu ndi Ditchling Beacon, chitunda chimene chimakudikirani mutapalasa kale makilomita oposa 70. Ndi cha kilomita imodzi ndi theka, ndipo pa mamita 100 aliwonse msewu umakwera pafupifupi mamita 9, kufika pafupi ndi nsonga ya phiri ya mamita 248. Pitani kwa okonza njinga akaone ngati giya yanu yaikulu yakumbuyo ili ya mano 32 kapena 34. Njinga zambiri zakale za matayala owonda zili ndi ya 25 kapena 28, imene pa Ditchling idzakuliritsani. Anthu ochuluka zedi amatsika pamenepo n'kukankha, ngati abambo a makala aja, ndipo palibe amene amawaseka.

Lamulungu likubwerali, ngati kulibe chisanu, nyamukani cha m'ma 10 koloko mutadya phala, nthochi ziwiri m'thumba, nyali zoyaka. Lowerani chakumwera ku Coulsdon, mukwere Farthing Downs pa giya yopepukitsitsa mukunena pemphero lija, ndipo wotchi ikakwana mphindi 45 tembenukani, kaya mwafika pati. Lolemba m'mawa pokwera masitepe kuntchito mvetserani miyendo. Ikakhala kuti ikanathanso kupalasa tsiku lomwelo, liwiro lake ndi limenelo. Ikaphwanya, sabata yamawa muchepetsenso, ndipo mundilembere mundiuze zimene a GP anena pa za mapiritsiwo.